Kusunga ndi Kukonza Zithunzi za Ntchito za Chitukuko

Mawu otsatirawa anaperekedwa pa msonkhano wa alembi a makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera. Asindikizidwa pano kuti anthu a m'mawodi onse awawerenge.



Nkhani ya lero ndi ya zithunzi. Ena angadabwe kuti anthu asiya minda ndi malonda awo kudzamva za zithunzi pamene mijigo ina inaima kalekale ndipo milatho ina ikudikira simenti. Komabe likafika tsiku lolipira kontilakita, kapena akabwera akuluakulu ofufuza momwe ndalama za boma zayendera, kapenanso anthu a m'mudzi akafunsa kuti ndalama za thumba la CDF zinagwira ntchito yanji, chimene chimafunika ndi umboni. Pafupifupi komiti iliyonse masiku ano ili ndi munthu wa foni yojambula, ndipo zithunzi zimajambulidwa zambirimbiri. Vuto limabwera pozifunafuna. Mlembi amayendetsa chala pa foni kwa theka la ola, kudutsa zithunzi za ukwati, za maliro ndi za mpira, ndipo akapeza khoma la njerwa sathanso kunena motsimikiza ngati ndi la sukulu ya kuno kapena la chipatala cha tsidya lija, ngati linajambulidwa mvula isanagwe kapena itagwa.

Nkhaniyi ikukhudzanso malamulo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limalola munthu wamba kupempha khonsolo kuti imuonetse zimene ikusunga zokhudza ntchito ya m'dera lake. Ofesi imene zinthu zake zili mbwee imachedwa kuyankha, ndipo kuchedwako anthu amakumva ngati kubisa. Madera amene anakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwanso phindu lina: mlatho ukakokoloka, chithunzi chakale chokhala ndi tsiku ndi malo ndicho chimaonetsa chimene chinalipo ndi kukula kwa chimene chatayika.

Ntchito imayambira pa foni, chithunzi chisanafike pa kompyuta. Foni ikajambula, imalemba m'kati mwa fayilo tsiku, nthawi ndi mtundu wa foniyo, ndipo ngati wojambula walola kamera kugwiritsa ntchito GPS, imalembanso malo enieni amene anaima. Uthenga wobisikawu umatchedwa EXIF. Choncho wojambula aonetsetse kuti tsiku ndi nthawi pa foni yake ndi zolondola, ndipo ayatse chizindikiro cha malo asanajambule ntchito ya chitukuko. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, chimachepetsedwa kukula ndipo EXIF imachotsedwa. Wochilandira amaona dzina longa IMG-20250314-WA0007, ndipo tsiku limene lili m'dzinamo ndi la pamene chithunzicho chinadutsa pa WhatsApp, osati la pamene chinajambulidwa. Chithunzi cha chaka chatha chikhoza kuoneka ngati cha dzulo. Njira yake ndi yapafupi: potumiza, wojambula asankhe Document m'malo mwa Gallery, ndipo fayilo idzafika yathunthu. Zimadya bandulo yochulukirapo, n'zoona, chifukwa chithunzi chimodzi cha foni chimatha kulemera mamegabaiti 3 kapena 4. Zithunzi zisanu zathunthu zimathandiza ofesi kuposa 40 zophwanyika, ndipo amene ali pafupi ndi boma angathe kungobwera ndi chingwe cha foni n'kuzitsitsira pa kompyuta.

Zikafika pa kompyuta, zithunzi zimafuna nyumba. Foda yaikulu ikhale imodzi yokha ya zithunzi zonse za chitukuko, ndipo isakhale pa Desktop kapena mu Downloads, kumene aliyense wobwereka kompyuta amatayako zake. M'kati mwake mukhale foda ya chaka chilichonse cha ndalama za boma, chimene tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, kuti zithunzi zizigwirizana ndi malipoti a ndalama. M'chakamo mukhale mafoda a mawodi, ndipo mu wodi iliyonse foda ya ntchito iliyonse payokha. Kupitirira apo n'kudzisokoneza, popeza foda yobisika m'kati mwa mafoda asanu ndi atatu palibe amene amaitsegulanso. Mu foda ya ntchito mukhale zipinda zitatu: Zoyambirira, Zokonza ndi Zotumiza. Mu Zoyambirira mumalowa zithunzi monga zachokera mu foni, ndipo palibe wololedwa kuzisintha, kuzidula kapena kuzifufuta. Wofuna kukonza chithunzi amayamba wachikopera ku Zokonza. Chimene chatha kukonzedwa, chokonzekera kulowa mu lipoti kapena m'kalata ino, chimapita ku Zotumiza.

Dzina la fayilo ndilo lofunika kuposa zonsezi, chifukwa limayenda ndi chithunzi kulikonse kumene chapita, ngakhale chitatuluka mu foda yake. Liyambe ndi tsiku lojambulira, lolembedwa chaka poyamba, kenaka mwezi, kenaka tsiku, ndipo patsatire malo, ntchito, gawo limene ntchito yafika ndi nambala. Chitsanzo ndi ichi: 2025-06-12_Msangu_mjigo_kukumba_03. Chifukwa choyambira ndi chaka n'chakuti kompyuta imandandalika mayina potsata manambala kuchokera kumanzere, motero zithunzi zimadziika zokha mu ndondomeko ya nthawi, kuchokera pa tsiku loyesa malo mpaka tsiku lopereka ntchito kwa anthu. Wolemba 12-06-2025 adzapeza kuti zithunzi za pa 12 Juni zakhala moyandikana ndi za pa 12 Disembala. Nambala zosafika 10 ziyambe ndi ziro, ndipo m'dzinamo musalowe nkhodolero kapena zizindikiro zina zachilendo, chifukwa mapulogalamu ena amazikana. Makomiti agwirizanenso kalembedwe kamodzi ka dzina la mudzi uliwonse. Wina akalemba Msangu, wina Nsangu, kompyuta imaona midzi iwiri, ndipo wofufuza amapeza theka la zithunzi n'kuganiza kuti wapeza zonse. Mayina onga "chomaliza", "chomaliza2" ndi "chomalizadi" amveka okoma pa tsiku lolemba, koma pakatha mwezi ngakhale mwini wake sadziwa chenicheni.

Kusintha mayina a zithunzi 60 chimodzichimodzi n'kotopetsa. Pa Windows, munthu akasankha zithunzi zonse za tsiku limodzi n'kudina F2, amalemba dzina kamodzi ndipo kompyuta imaonjezera yokha manambala. Pulogalamu yaulere ya digiKam imachita zoposa apo: imatenga tsiku mu EXIF n'kuliika m'dzina, ndiponso imalola kumata mawu ofufuzira pa chithunzi, monga madzi, maphunziro kapena misewu, kotero kuti wofuna mijigo yonse ya m'boma amaipeza pamodzi ngakhale ili m'mafoda osiyana.

Tsopano za pulogalamu yokonzera zithunzi. Yotchuka ndi Adobe Photoshop, koma imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndi ndalama zakunja. Makope ake akuba amene amayenda pa mafulashi nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo si oyenera kompyuta imene ikusunga zinthu za anthu. Pa ntchito ya komiti kapena ya ofesi ya khonsolo, GIMP ndi yokwanira. Ndi yaulere mwalamulo, imagwira pa Windows, Linux ndi macOS, siifuna intaneti ikangolowa mu kompyuta, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu Malichi 2025.

Woitsegula koyamba amachita mantha ndi kuchuluka kwa zida, koma pulogalamuyi imalola kuikonza monga mmisiri amakonzera benchi lake. Pansi pa Edit pali Preferences, ndipo m'menemo gawo la Toolbox limalola kubisa zida zosafunika. Mlembi wa komiti amafuna zochepa: chodulira, chotembenuzira, choikira mawu ndi chosunthira. Zotsalazo zibisidwe, makamaka zida za Clone ndi Heal, zimene chifukwa chake chimveka posachedwa. Pansi pa Edit pomwepo pali Keyboard Shortcuts, pamene munthu amapatsa batani lake ntchito imene amaichita kawirikawiri. Pa kompyuta ya sikirini yaing'ono, kudina Tab kumabisa mabokosi onse a m'mbali kuti chithunzi chioneke chachikulu, ndipo kudinanso kumawabweza. Ngati ofesi imapanga chikwangwani kapena tsamba la muyeso womwewo mwezi uliwonse, ipange kamodzi n'kusankha Create Template pansi pa File, kuti mwezi wamawa muyesowo upezeke wokonzeka. Tsamba la A4 lofuna kusindikizidwa bwino limafuna mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, pamene chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chimafuna pafupifupi 1200 ndi 1800. Chithunzi chochepetsedwa ndi WhatsApp chikakokedwa kuti chidzaze tsamba, chimatuluka chachimbuuzi, ndipo palibe batani lobwezera zimene zinatayika.

Pali malo amodzi amene ambiri amapunthwa. Mu GIMP, Save imasunga ntchito mu fayilo ya mtundu wa XCF, imene imasunga chithunzi, mawu olembedwa pamwamba ndi chizindikiro cha khonsolo ngati magawo osiyana, okhoza kusinthidwa tsiku lina. Fayilo imeneyi malo ake ndi ku Zokonza, ndipo foni kapena Word siingaitsegule. Chithunzi chotumiza chimatuluka kudzera pa Export As, ngati JPEG kapena PNG. JPEG ndi yoyenera zithunzi za kamera, koma imataya pang'ono ubwino wa chithunzi nthawi iliyonse imene yakonzedwa n'kusungidwanso, motero chithunzi chokonzedwa kasanu pa JPEG yomweyo chimatha ngati nsalu yochapidwa pamwala. PNG siitaya kanthu ndipo ndi yabwino pa mapu, zizindikiro ndi zolembedwa, ngakhale imalemera. Choopsa ndi mawu akuti Overwrite amene amaoneka pansi pa File munthu akatsegula JPEG: kuwadina kumafufuta chithunzi choyambirira n'kuikapo chokonzedwa, popanda kufunsa. Ichi n'chifukwa chake foda ya Zoyambirira siitsegulidwa mu pulogalamu yokonzera. Ndipo popeza magetsi amatha kuthima nthawi iliyonse, wokonza asadalire kuti pulogalamu isunga yokha. Chala chizolowere Ctrl ndi S.

Kukonza kuli ndi malire. Kuwalitsa chithunzi chojambulidwa m'kalasi ya mdima, kuongola chopendekeka kapena kudula m'mbali mopanda kanthu n'kololedwa. Kufufuta mng'alu pakhoma, kudula chithunzi kuti denga losatha lisaoneke, kapena kuonjezera anthu pa msonkhano umene panabwera ochepa ndi chinyengo, ndipo chinyengo chotere chikhoza kulipiritsa ntchito yosatha ndi ndalama za anthu a m'wodi momwemo. Zida za Clone ndi Heal zimachita zimenezi m'mphindi imodzi, ndipo mlembi amene wauzidwa ndi wina aliyense kuti azigwiritse ntchito pa chithunzi cha umboni akane, ngakhale wouzayo akhale wamkulu. Chimodzimodzinso chithunzi cha mjigo wa mudzi wina sichingaimire mjigo wa kuno chifukwa choti yonse ndi yofanana maonekedwe. Wojambula aziima pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, ndipo m'chithunzi muzioneka chinthu chosasuntha, monga mtengo wa mango, phiri kapena chikwangwani cha ntchito, kuti woona azindikire kuti malo ndi omwewo.

Anthu ojambulidwa nawonso ali ndi ulemu wawo. Ana a sukulu, odwala ndi olandira thandizo la mtukulapakhomo asajambulidwe popanda chilolezo chawo kapena cha makolo, ndipo ngati chithunzi chajambulidwa pakhomo pa munthu, chimene chikupita pa Facebook chituluke chopanda EXIF, kuti malo a nyumba yake asadziwike kwa aliyense. Bokosi la Export As lili ndi malo osankhira kusunga kapena kusiya uthengawu. Choyambirira, chokhala ndi zonse, chimatsala mu ofesi.

Chotsala ndi kusunga makope. Fulashi imasowa, foni imagwera m'madzi, kompyuta imabedwa. Akatswiri a zosunga mafayilo amalangiza makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi enawo. Kwa komiti, zimenezi zikutanthauza kompyuta ya ofesi, fulashi kapena hadi disiki yosungidwa kwa wapampando, ndi kope la pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka magigabaiti 15 aulere, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo ngati palibe mavidiyo, malowa amakwana zithunzi zoposa 3,000. Akauntiyo itsegulidwe m'dzina la komiti, osati la mlembi, ndipo mawu ake achinsinsi adziwike kwa anthu awiri. Makomiti amasankhidwa mwatsopano ndipo ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa, choncho pa tsiku losiyirana maudindo, fulashi, mawu achinsinsi ndi pepala limodzi lofotokoza dongosolo la mafoda ndi kalembedwe ka mayina zilembedwe m'maminitsi pamodzi ndi buku la ndalama ndi makiyi. Kukopera kuchitike Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse, ndipo wokoperayo atsegule zithunzi ziwiri kapena zitatu pa fulashiyo kuti aone ngati zalowadi.