Ndalama za sukulu zipite kwa kholo kapena ku sukulu?

Ine si munthu wa mabuku ayi, ndinalekezera kalasi 5, ntchito yanga ndi khasu, fodya ndi soya pang'ono kuno ku Mandimba. Koma nkhani imene tinamvera limodzi sabata yatha yandisowetsa tulo, ndiye ndati nanenso ndiikepo mlomo.

Mukukumbukira anatiuza kuti kumaiko ena boma silipereka ndalama zonse ku sukulu zake. Limawerengera mwana aliyense ndalama yake, ngati kapepala kamene amakatcha vocha, kholo n'kusankha sukulu imene likufuna, ya boma kaya ya pulayiveti, ndalamayo n'kumutsata mwanayo. Ku Chile anayamba zotere mu 1981. Pobwerera kunyumba anzanga ena ankati, "Eee, imeneyo ndiye nzeru, atipatse m'manja, aphunzitsi ojomba aone polekera." Inenso poyamba ndinavomera. Koma nditafika pakhomo ndinadzifunsa: kodi kapepalako ndikapita nako kuti?

Kwathu sukulu ndi imodzi basi. Ina ili kutsidya kwa mtsinje, ndipo mu Febuluwale madzi akadzaza ngakhale munthu wamkulu sawoloka. Mwana wanga wa zaka 7 ndingamukweze shapa tsiku ndi tsiku kupita ku Cuamba kapena ku Lichinga kumene kuli sukulu zambiri? Abale athu a ku Ngauma, kumapiri kuja, ndiye asankha chiyani? Kusankha n'kwa munthu wa m'tauni. Ndipo ku Chile komweko ana a olemera anadzakhala kwaokha, a osauka kwaokha, mpaka ana a sukulu anadzaza m'misewu mu 2006 ndi mu 2011 kudandaula.

Tsono ine ndikuti tiyeni tione ndalama imene ilipo kale, imene ambiri a ife sitikuidziwa. Dzina lake ndi ADE, pa Chipwitikizi Apoio Directo às Escolas. Boma linaiyambitsa mu 2003, mothandizidwa ndi maiko ena. Ndalama imeneyi imapita ku sukulu iliyonse ya boma ya pulayimale, ndipo kuchuluka kwake kumayenderana ndi kuchuluka kwa ana. Mwaona? Nayonso imatsata mwana, kungoti simadzera m'thumba mwa kholo. Ntchito yake n'kugula choko, makope, mapensulo, kuthandiza ana amasiye ndi kukonza tinthu tating'onoting'ono toonongeka. Amene ayenera kugwirizana za kagwiritsidwe kake ndi komiti ya sukulu, ija timati Conselho de Escola, mmene muli makolo, aphunzitsi, ana ndi anthu a m'mudzi.

Ine nthawi yanga bambo ankalipira matirikula. Chaka chimene chimanga chinakanika, ndi chomwecho ndinasiya sukulu. Mng'ono wanga anachita mwayi chifukwa pofika 2005 matirikula ya ku pulayimale inali itachotsedwa. Lamulo la 2018 linaonjezera kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9 osalipira matirikula. Zimenezi n'zabwino, ndipo sindikuzinyoza. Koma afunseni achibale athu a ku Chiponde, kungodumpha malirewa. Ku Malawi a Bakili Muluzi atachotsa fizi mu 1994, ana anachoka pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi. Makalasi sanakwane, aphunzitsi sanakwane, ana n'kumaphunzira pansi pa mitengo. Mawu oti "ulere" sagula choko, amayi ndi abambo. Boma likapanda kutumiza ndalama pa nthawi yake, mtolowo umabwerera kwa ife, ungosintha dzina.

Ndinene zimene zinandichitikira chaka chatha, koma sukuluyo sinditchula. Tinauzidwa kuti tisonkhe mameticali 50 pa mwana, ya mlonda ndi ya udzu wofolera kalasi. Anali mwezi wa Febuluwale. Inu mukudziwa Febuluwale kuno: nkhokwe yauma, fodya akadali m'munda, ganyu yemwe akusowa. Ine ana atatu. Ndinapempha kuti andidikire mpaka msika wa fodya utsegulidwe. Mawa lake mtsikana wanga wamkulu anabwezedwa. Anakhala pakhomo masabata awiri, ndipo sabata yachiwiriyo ndinamva mayi wina akunena kwa mkazi wanga kuti mwana wakula uyu, bwanji osangomupezera mwamuna. Mtima wanga unawawa zedi. Ndinagulitsa nkhuku ziwiri n'kukalipira.

Pa msonkhano wotsatira ndinaimirira n'kufunsa kuti kodi ADE ya chaka chino yafika, ndipo ndi zingati? Kunali zii. Bambo wina wa m'komiti, munthu wabwinobwino, anandiuza pambali kuti iye amangodinda chala pamene amuuza, chifukwa mapepala onse ndi a Chipwitikizi. Sindikunena kuti wina anaba ayi, mwina ndalamayo inachedwa kuchokera kuboma, pakuti ngakhale aphunzitsi tinawamva mu 2023 ndi 2024 akulira ndalama zawo za maola oonjezera. Koma ngati inachedwa, atiuze kuti yachedwa. Vuto n'lakuti tonse tinali mumdima, ndipo mwa ife makolo panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo chiyambire. Pamenepo tisaloze chala aphunzitsi okha. Posankha komiti timathamangira kumunda, n'kusiya asankhane okhaokha.

Ndiye pempho langa kwa a wailesi ndi ili. Monga mmene mumationgolera mitengo ya soya ndi thonje, pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma lathu, mukatenge mndandanda wa ADE, muziwerenga sukulu ndi sukulu, ndalama zake ndi tsiku limene yafika. Muwerenge m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakhuwa, kuti agogo olera ana amasiye amve okha. Ku sukulu nakonso aimate pakhoma, ndi malisiti omwe.

A mfumu, ndikupemphanso kuti komiti ikamasankhidwa chaka chikubwerachi, mutiitane ndi mluzu ngati mmene mumachitira pogawa mbewu. Ine ndadzipereka kale, dzina langa mulilembe. Kuwerenga Chipwitikizi ndimachita kukoka, koma manambala ndimawadziwa, ndinaphunzira pa sikelo ya fodya.