NSIMA YOKHA SIMANGA THUPI

Mawu okambidwa kwa amayi ndi abambo a ku Chikamveka, m'boma la Zomba

Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. H. Kamuzu Banda, ankakonda kukumbutsa anthu ake kuti ufulu weniweni umaoneka pa zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Mwa zitatuzi chakudya ndicho chinali patsogolo. Koma chakudya chokwanira sindiye kukhuta chabe. Munthu atha kukhuta tsiku ndi tsiku koma thupi lake lili pa njala.

Tauni ya Zomba ndiyo mboni ya nkhaniyi. M'chaka cha 1912 dokotala wa boma, Hugh Stannus, adalemba za nthenda ya pelagra imene adaiona pakati pa akaidi a m'ndende yaikulu ya Zomba. Khungu la wodwala nthendayi limada ndi kusweka m'malo owombedwa ndi dzuŵa, amatsegula m'mimba, ndipo pomalizira mutu umasokonezeka. Lero nchodziŵika kuti gwero lake ndi kusoŵa kwa vitamini wotchedwa niacin, amene thupi limalephera kumtapa mokwanira m'chimanga. Nthendayi idabukanso m'chaka cha 1990 pakati pa anthu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique amene adali m'Chigawo cha Kumwera. Anthu oposa 18,000 adadwala pamene mtedza udasoŵa pa chakudya chimene ankalandira. Ufa udalipo, koma ufa wokha sudawateteze.

Nchifukwa chake alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo gulu lililonse lili ndi ntchito yake. Zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata zimapatsa mphamvu yogwirira khasu. Nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi mtedza, pamodzi ndi gulu la nsomba, mazira, mkaka, nyama ndi ngumbi, ndizo zimamanga minofu ndi kukonza magazi. Ndiwo zamasamba ndi zipatso zimatchinjiriza thupi ku matenda. Mafuta pang'ono, kaya a m'botolo, a m'nsinjiro kapena a m'mapeyala, amathandiza thupi kulandira vitamini A amene amasunga maso. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo gulu limodzi silingagwire ntchito ya onse.

Zakudya zimenezi sizili kutali ndi Chikamveka. Matemba ndi mpunga za ku Nyanja ya Chilwa zimafika mumsika wa Zomba. Phiri limatsitsa zipatso ndi masamba. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi kholowa zimamera ngakhale kuseri kwa nyumba. Mgaiwa, umene ena amaunyoza kuti ndi wa amphaŵi, umasunga zofunika zambiri zimene zimatayika pokonola ndi kuviika mphale. Mchere wa ayodini umaletsa chithokomiro, ndipo kuyambira m'chaka cha 2012 shuga wopangidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A.

Amene ali pangozi yaikulu ndi ana. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osafika zaka zisanu adali opinimbira. Mwana wopinimbira savutika msinkhu wokha ayi, komanso nzeru zake kusukulu ndi mphamvu zake akadzakula. M'mera mpoyamba: masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziŵiri, ndiwo maziko a moyo wonse. Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenaka alandire phala lothira nsinjiro, dzira kapena matemba osinja, uku akuyamwabe. Mwambo woletsa mayi woyembekezera kudya mazira, kapena wopatsa bambo ndiwo zonse zabwino ana nkutsala ndi msuzi, ndi mwambo wobwezera mtundu m'mbuyo.

M'tauni mwabukanso vuto lina. Alipo ena, makamaka achinyamata, amene pofuna kuchepetsa thupi msanga amasiyiratu zakudya zokhutitsa, kapena amatha masiku akumwa madzi a mandimu okha, potsata zimene aona pa Facebook. Zotsatira zake ndi chizungulire, kufooka ndi kuchepa kwa magazi, ndipo kaŵirikaŵiri thupi limabwereranso akangoleka. Enanso ayesa kuti ulemu wa munthu wa ndalama ndi tchipisi, nyama yonona ndi zakumwa zotsekemera tsiku lililonse. Njira imeneyi imathera ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wodzimana mopyola muyeso ndi wodya mopyola muyeso, onse aŵiri akuzunza thupi. Amene afuna kusintha kadyedwe chifukwa cha matenda ayambe wafunsa uphungu kuchipatala.

Motero banja lililonse liyenera kukhala ndi kadimba ka masamba, mtengo wa zipatso ndi nkhuku zingapo. Mlimi asagulitse mtedza ndi nandolo zonse nkusiya ana ndi nsima ya mchere. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi aphunzitsi ali ndi udindo wofalitsa uthengawu, pakuti dziko la anthu ofooka silingatukuke. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.