Nyumba Yodziimira Payokha ku Chinyunyu: Mawu kwa Ana a Kumudzi Osonkhana ku Johannesburg



Nkhani imene komiti inaika pa ndondomeko ya msonkhano uno ndi ya kamangidwe ka nyumba yodziimira payokha, kutanthauza nyumba imene imapeza magetsi, madzi ndi moto wophikira pamalo pomwe yamangidwapo, popanda kudalira nthambo za ZESCO kapena mipope yochokera kutali. Nkhaniyi ikukhudza pafupifupi aliyense wokhala m'chipinda chino, pakuti ndalama zimene anthu a kuno amatumiza kwawo, zikachotsedwapo za sukulu, za feteleza ndi za maliro, zimathera pa njerwa, simenti ndi malata. Mfundo yaikulu ya mawu ano ndi yakuti nyumba yotere imayambira pa chikhomo choyamba chimene mmisiri amakhoma poyeza maziko, ndipo masola amene ambiri amathamangira kugula ayenera kubwera pomalizira, nyumbayo itamangidwa kale mwanjira yoti izifuna mphamvu zochepa.

Chinyunyu ili m'mbali mwa msewu wa Great East, kum'mawa kwa Chongwe, m'dera la Mfumu Bunda Bunda ya Asoli, m'boma la Rufunsa limene linapatulidwa ku boma la Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Kale munthu womanga kudera lotere ankangodikira tsiku limene mapolo a magetsi adzafike pakhomo pake, koma zimene zinachitika mu 2024 zinasonyeza kuti ngakhale nthambo itafika, magetsi sakhala otsimikizika. Magawo oposa 80 pa 100 alionse a magetsi a dziko la Zambia akhala akuchokera ku madzi, makamaka ku damu la Kariba limene linamalizidwa mu 1959 ndi ku Kafue Gorge, kotero kuti mvula itakanika, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika mpaka makina amodzi okha mwa 6 a mbali ya Zambia ndi amene anatsala akuzungulira, ndipo makomo ambiri ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda malaiti. Anthu okhala ku South Africa, amene anapirira kuthimathima kwa magetsi a Eskom mu 2022 ndi 2023, safunika kufotokozeredwa kuwawa kwake.

Popeza Chinyunyu imadziwika ndi akasupe a madzi otentha, amene amatenthedwa ndi miyala ya pansi penipeni pa nthaka ndi kutulukira m'ming'alu yake, ena amaganiza kuti magetsi a deralo adzachokera pamenepo. Mbiri ya ku Kapisya, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, ili ndi phunziro pa maganizo amenewa, chifukwa makina opangira magetsi kuchokera ku madzi otentha amene anaikidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Italy sanagwire ntchito imene ankayembekezeredwa, popeza kutentha kwa madziwo kunali kochepa poyerekeza ndi kumene makinawo ankafuna. Zimene zinachitikira makina aakuluwo zimachitikiranso banja limene lagula chipangizo lisanayeze malo ake ndi zosowa zake.

Choyamba kulongosola ndi malo. Nthaka yambiri ya ku Rufunsa ili m'manja mwa mafumu, ndipo lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo otere asinthidwe kukhala a chikalata cha zaka zofika 99, pokhapokha mfumu ya deralo ndi khonsolo atavomereza. Munthu wokhala kunja amene akufuna kuthira ndalama zambiri pa chitsime, thanki ndi masola achita bwino kuyamba wagwirizana ndi anyakwawa, mfumu ndi abale ake za malire ndi za mwini wa nyumbayo, chifukwa zipangizo zimenezi sizisamutsika mosavuta mkangano ukabuka.

Chachiwiri ndi kumene nyumba yayang'ana, chinthu chimene sichilira ndalama koma chimalamulira kutentha kwa m'kati kwa zaka zonse zimene nyumbayo idzaime. Chinyunyu ili pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, motero kwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa la masana limadutsa chakumpoto, ndipo mu Juni ndi Julaye, nthawi ya chisanu, limatsika kwambiri mbali imeneyo. Nyumba imene utali wake wagona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, mawindo ake aakulu ali kumpoto ndi kumwera, imalandira kadzuwa kofunditsa m'chisanu, pamene m'chilimwe dzuwa likakhala pamutu, denga lotuluka kunja kwa khoma limaphimba mawindowo ndi mthunzi. Khoma la kumadzulo, limene limawombedwa ndi dzuwa loopsa la madzulo mu Okutobala, liyenera kukhala ndi mawindo ochepa, khonde lalikulu kapena mitengo ya mthunzi, ndipo mawindo oyang'anizana amalola mphepo kudutsa m'zipinda popanda fani.

Nyumba zambiri zomangidwa ndi ndalama za kunja zimatengera pulani ya m'tauni, ya magalasi aakulu mbali zonse ndi malata opanda siling'i, ndipo zotsatira zake zimaoneka masana a Okutobala, pamene malata amalira thethethe ndi kutentha, mwana wogona pamphasa amadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo agogo amanyamula kampando kawo kukakhala pansi pa mtengo wa mango kapena m'kakhitchini kofolera udzu, kusiya nyumba ya matailosi ili pululu. Udzu umatchinga kutentha chifukwa umasunga mpweya pakati pa mapesi ake, ndipo womanga ndi malata angathe kupeza ubwino womwewo poika siling'i, kusiya mpata woti mpweya wotentha uzitulukira pansi pa denga, ndi kusankha malata owala m'malo mwa akuda, amene amamwa kutentha kwambiri.

Chachitatu ndi makoma. Njerwa zootcha zimadya nkhuni zambiri, ndipo dera limene matumba a makala, amene ku Lusaka amati malasha, amandandalikidwa m'mbali mwa msewu kudikira magalimoto opita mumzinda, silingapirire kuti uvuni uliwonse wa njerwa uzigwetsanso mitengo ya miombo. Kudula nkhalango kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti m'boma la Rufunsa mukhazikitsidwe ntchito yoteteza mitengo ya Lower Zambezi REDD+ yoyendetsedwa ndi BioCarbon Partners. Njira ina ndi njerwa zopsinja, zimene zimapangidwa posakaniza dothi la pamalo pomwepo ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse, kenaka kuzipanikiza m'makina ndi kuziumitsa pamthunzi uku zikuwazidwa madzi, popanda moto uliwonse. Khoma lochindikala la dothi limamwa kutentha masana ndi kukutulutsa pang'onopang'ono usiku, koma limafuna maziko okwera, pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi, ndi chitetezo ku chiswe, pakuti madzi ndi chiswe ndiwo adani a nyumba ya dothi.

Nyumba ikakonzeka motere ndi pamene masamu a magetsi amayamba, ndipo muyeso wake ndi yunitsi imene aliyense wogula magetsi a ZESCO amaidziwa, yomwe ndi mphamvu ya mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Mababu 8 a LED a mawati 7 oyaka maola 5 amadya mawati-ola 280, firiji yabwino imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa tsiku, TV ya mawati 60 kwa maola 4 imadya 240, fani ya mawati 50 kwa maola 6 imadya 300, ndipo mafoni ndi kompyuta angadye 200, zonse pamodzi kukwana pafupifupi mayunitsi 2 pa tsiku. Popeza dera la Chinyunyu limalandira dzuwa lamphamvu lofanana ndi maola 5 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mphamvuyo limatayika m'nthambo, m'batire ndi mu inverter, chomwe ndi chipangizo chosandutsa magetsi a m'batire kukhala oyendetsa zinthu za m'nyumba, masola awiri a mawati 400 angathe kusenza katundu ameneyu. Masolawo ayenera kuyang'ana kumpoto, atapendekeka pafupifupi madigiri 15, pamalo popanda mthunzi, ndipo ayenera kukhala ndi waya wopititsa mphezi m'nthaka. Batire la lithiamu limakwera mtengo pogula, koma limakhala zaka zambiri kuposa la mtovu, limene limafa msanga likamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku.

Masamu omwewa amasonyeza chimene chimapha masola ambiri, chomwe ndi chipangizo chilichonse chotenthetsa. Mbale imodzi ya sitovu ya mawati 1,500 ikayaka maola 2 imadya mayunitsi 3, kuposa nyumba yonse ija, ndipo giza, ketulo ndi ayironi zili m'gulu lomwelo. Madzi osamba ndi bwino kuwatenthetsa ndi giza ya dzuwa, imene imagwira kutentha mwachindunji m'machubu ake popanda kudzera m'batire. Kuphika kungagawidwe pakati pa mbaula yosunga moto yogwiritsa ntchito tinkhuni ta m'munda wa mitengo wa pakhomo, gasi wa m'botolo, ndi poto wamagetsi wotsekeka mwamphamvu amene amapsetsa nyemba ndi mphamvu zochepa ngati wayatsidwa masana dzuwa lili pamutu. Banja lokhala ndi ng'ombe zogona m'khola lingathenso kumanga dzenje lotsekeka momwe ndowe zosakaniza ndi madzi zimawola ndi kutulutsa mpweya woyaka, ndipo zotsalira zake zimapita kumunda ngati manyowa.

Madzi nawonso ali ndi masamu ake osavuta, akuti mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la masikweyamita 100, m'chaka cha mvula ya mamilimita 800, limalandira malita 80,000, amene ambiri mwa iwo amangokumba ngalande pabwalo ngati palibe magatala ndi thanki, koma popeza mvulayo imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo basi, thanki yokha siingafikitse banja kumapeto a chilimwe, ndipo imafunika kuthandizana ndi chitsime. Pampu ya dzuwa imene imakweza madzi masana kupita m'thanki yoikidwa pamwamba siifuna batire, chifukwa madziwo amatsika okha usiku ndi kulemera kwawo. Kuyambira 2018 zitsime zobowola ziyenera kulembetsedwa ku bungwe loyang'anira madzi la WARMA, ndipo chimbudzi chiyenera kukumbidwa kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30.

Pali chinthu china chimene mapulani salemba, chomwe ndi munthu wotsala m'nyumbamo. Wotumiza ndalama amabwera kamodzi pa chaka, mwina pa Khirisimasi, pamene wokhala ndi zipangizozo tsiku lililonse ndi mayi wokalamba, mlongo kapena mdzukulu. Mu Ogasiti ndi Seputembala, fumbi ndi phulusa la moto wolusa zimakuta galasi la sola mpaka mwana angathe kulembapo dzina lake ndi chala, magetsi amayamba kutha usiku usanafike pakati, ndipo uthenga umene umafika pa WhatsApp ku Johannesburg umangoti sola yafa, chonsecho chimene chikufunika ndi ndowa ya madzi ndi kansalu kofewa m'mamawa galasi lisanatenthe. Wotsala pakhomo ayenera kuphunzitsidwa kuwerenga manambala a pa inverter, kudziwa zimene siziyenera kulumikizidwa, ndi kukhala ndi nambala ya mmisiri amene angafike pa njinga tsiku lomwelo, ndipo chipangizo chimene zokonzera zake sizipezeka ku Lusaka kapena ku Chongwe sichiyenera kukwezedwa basi, ngakhale chitatsika mtengo chotani kuno.

Apa ndi pamene bungwe lino la ana a kumudzi lili ndi ntchito imene munthu mmodzi sangaithe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chilimba chimene mamembala amasonkherana mwezi ndi mwezi chingathe kulipirira achinyamata awiri kapena atatu a kumudzi, anyamata ndi atsikana, maphunziro a zamagetsi a dzuwa ndi zomangamanga ku sukulu ya ntchito zamanja yovomerezeka ndi TEVETA. Chingathenso kugula makina amodzi opsinjira njerwa oti azibwerekedwa kwa aliyense womanga, kuitanitsa masola ndi mabatire a mtundu umodzi pamodzi kuti mtengo utsike ndi kuti zokonzera zikhale zofanana, ndiponso kusankha munthu wodalirika wakumudzi woyendera ntchito iliyonse ndalama ya gawo lotsatira isanatumizidwe, kuti nkhani zomvetsa chisoni za maziko ongoonekera pa chithunzi zichepe.

Asoli a kwa Mfumu Bunda Bunda ali ndi mwambo wa Chibwela Kumushi, umene dzina lake limanena za kubwerera kumudzi anthu akatha kukolola kuminda kumene anakhala miyezi yambiri. Amene asonkhana muno nawonso ali kumunda wakutali, ndipo tsiku lobwerera lidzafika, kwa ena mphamvu zitachepa ndiponso malipiro a mwezi atasiya kubwera. Nyumba imene idzawayenere pa tsikulo ndi imene imazizira yokha mu Okutobala, imene imasunga mvula yogwa pa denga lake, ndiponso imene mdzukulu wa pakhomo angathe kuikonza popanda kudikira ndalama ya ku Joni. Komiti ikupemphedwa kuti msonkhano uno usanabalalike ulembe maina a onse amene akufuna kumanga m'zaka ziwiri zikubwerazi, kuti maphunziro a amisiri ndi makina a njerwa ziyambe kusonkheredwa chikhomo choyamba chisanakhomedwe.