Kuwerenga Zosaoneka ndi Sikelo

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi a sayansi a m'boma la Rufunsa

Pali phunziro limodzi la chemistry limene limagwetsa ana ambiri a sekondale, ngakhale a mitu yabwino, ndilo phunziro la mole. Mwana amalemba m'kope mwace zonse za pa bolodi, naziloweza monga nyimbo, koma pa mayeso a Examinations Council of Zambia funso likabwera ndi mau ena, iye amangoti kakasi. Kawirikawiri colakwa sicili mwa mwanayo. Mphunzitsi anathamangira malamulo a masamu asanamuuze cinthu ceniceni cimene cikuwerengedwa.

Komatu nzeru imeneyi iri kale m'mudzi. Mlimi wa kwa Mpanshya kapena wa kwa Shikabeta akapita ndi cimanga kokagulitsa, palibe munthu amene amawerenga njere imodzi imodzi. Thumba limaikidwa pa sikelo. Tsono mphunzitsi afunse ana kuti: thumba la cimanga ndi thumba la mapira, onse a makilogalamu 50, kodi ali ndi njere zofanana ciwerengero? Mwana aliyense adzakana, pakuti njere ya mapira njopepuka. Afunsenso kuti: nanga munthu atafuna njere za mapira zofanana ciwerengero ndi za cimanga, angatani osaziwerenga? Ayenera kudziwa kulemera kwa njere imodzi ya mtundu uliwonse, napima. Mwana amene wayankha cotero wamva kale mole. Cimene camutsalira ndi dzina lokha.

Mole ndi mulu wa maatomu kapena mamolekyu okwana 6.022 × 10²³. Mulu wotere wa carbon umalemera magalamu 12, wa mpweya wa oxygen magalamu 32, wa madzi magalamu 18, ndiwo madzi opitirira pang'ono supuni yaikulu imodzi. Ciwerengero ncimodzi, kulemera nkosiyana. Ciwerengeroci cimachedwa ndi dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy, amene mu 1811 anaphunzitsa kuti mipweya yosiyana, ikadzaza malo ofanana pa kutentha ndi kupanikizika kofanana, imakhala ndi mamolekyu ofanana ciwerengero. Anzace sanamumvere kufikira Stanislao Cannizzaro anafotokozanso nkhaniyi pa msonkhano wa ku Karlsruhe mu 1860, mwini wace atamwalira kale. Ngati akatswiri anacedwa zaka pafupifupi 50, mphunzitsi asapse mtima mwana akalephera pa masiku awiri.

Cotsatira ndi kuwerengera miyeso imene zinthu zimaphatikizana nayo, cimene Jeremias Richter anacicha stoichiometry mu 1792. Citsanzo cace ciri m'mbali mwa mseu wa Great East Road, m'mene mwaima matumba a makala. Atomu ya carbon imagwirana ndi molekyu imodzi ya oxygen. Kotero magalamu 12 a carbon amadya magalamu 32 a oxygen, nabala magalamu 44 a carbon dioxide. Ana amadabwa kumva kuti mpweya woturuka pa mbaula umalemera koposa katatu carbon imene yapsa, ndipo kudabwa kumeneko nkwabwino, mphunzitsi asakufulumize. Akatero afunse cimene cimacitika oxygen ikacepa. Makala samaleka kupsa, koma amabala carbon monoxide, mpweya wopanda pfungo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Mwana akamva ici sadzaiwala tanthauzo la cinthu cimene cayamba kutha pa kuphatikizana.

Fetereza nayenso amaphunzitsa. Pa thumba la urea pamalembedwa 46, ndipo ana ambiri analinyamula thumbalo osadziwa kumene nambalayo inacokera. Mole imodzi ya urea imalemera magalamu 60, ndipo mwa amenewo 28 ndi nitrogen. 28 pa 60 ndi pafupifupi 46 pa 100. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a cakudya cimene cimanga cimafuna. Ammonium nitrate ali ndi magalamu 28 omwewo mu 80, kotero thumba lace liri ndi makilogalamu 17.5 okha. Mwana wodziwa masamu awa angathe kulangiza atate wace pa mtengo asanataye ndalama.

Tsono nkhani ya molarity, ndiko kuculuka kwa mamole osungunuka m'lita imodzi. Apa ndi pamene manja a mwana ayenera kugwira nchito, cifukwa pali zolakwa ziwiri zimene zimabwera caka ndi caka. Coyamba, mwana amathira lita yathunthu ya madzi pa mcere, pamene anayenera kusungunula mcerewo m'madzi ocepa, naonjeza madzi kufikira zonse pamodzi zakwana lita. Caciwiri ncoopsa: amaiwala kuti m'lita muli mamililita 1,000, ndipo yankho lace limasokera ka 1,000. Pa pepala la mayeso amataya mamalikisi atatu kapena anai. Koma ena mwa ana awa adzakhala anamwino, kapena pa cipatala ca St Luke's ca ku Mpanshya kapena kwina. Madzi a diripu ali ndi magalamu 9 a mcere m'lita. Mole ya mcere ndi magalamu 58.5, kotero mphamvu yace ndi mamole 0.154 pa lita, yolingana ndi ya mwazi. Madzi akacepa mcere kwambiri, maselo ofiira a mwazi amatupa naphulika. Akaculuka mcere, amafota. Momwemonso paketi ya ORS yopatsa mwana wotsegula m'mimba iri ndi magalamu 13.5 a glucose, ndiwo mamole 0.075, ndipo inayesedwera lita imodzi. Mai wousungunula m'kapu poganiza kuti ukhala wamphamvu angathe kumuonjezera mwanayo matenda.

Aphunzitsi ena adzati sukulu zao ziribe zipangizo, ndipo ici ncoona m'malo ambiri. Koma phunziro loyamba limangofuna mcere wa m'khichini, sikelo yaing'ono ya batire, madzi oyera ndi botolo limene lalembedwa mzere pamene lita yakwanira. Ana akhale anai anai. Gulu liri lonse liwerengere lokha mcere wofunika kupanga lita ya mamole 0.1, lipeze magalamu 5.85, lipime, lisungunule, lidzaze kufikira pa mzere. Pambuyo pace athire theka m'botolo lina, naonjeze madzi kufikiranso lita, ndipo anene mphamvu yatsopano asanagwire pensulo. Malamulo a masamu alembedwe pa bolodi tsiku lotsatira.