Pampu Imene Mnzanga Anandisiyira

   Kaya muli pa moto kuwiritsa madzi a tiyi, kaya mukuyala nthochi m'mbali mwa msewu kudikira mabasi a ku Lusaka, kaya mwagona m'chipatala, khalani nane mphindi zochepa izi.

Mawu athu a lero ali m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 9, ndime 36 mpaka 42. Mukapeza mpata muwerenge nokha, koma ndikufotokozereni mwachidule. Ku Yopa, mzinda wa m'mbali mwa nyanja umene lero umatchedwa Jaffa, kunali mayi wina wokhulupirira, dzina lake Tabita, m'Chigriki Dorika. Mayiyu anali kusokera anthu osauka zovala. Anadwala, namwalira. Anamsambitsa ndi kumgoneka m'chipinda cham'mwamba, ndipo anatuma anthu awiri kukaitana Petro, amene anali ku Lida, mudzi wapafupi. Petro atalowa, amayi amasiye anamzungulira akulira, aliyense akumuonetsa chovala chimene Tabita anasoka.

Taonani chinthu chimodzi. Luka, amene analemba bukuli, sanatisungire mawu ngakhale amodzi otuluka pakamwa pa Tabita. Sitidziwa ngati anali wodziwa kuyimba kapena kulalikira. Pa maliro ake amayi aja sananene mbiri yaitali. Anangokweza zimene zinali m'manja mwawo.

Inenso lero ndabwera ndi chimene chili m'manja mwanga. Inu simungachione, koma chili pano pa tebulo: pampu ya njinga, yakale, yomangidwa ndi mphira pa chogwirira. Mwini wake tinamuika m'manda mvula yathayi. Sinditchula dzina lake, chifukwa sindinapemphe chilolezo kwa banja lake, ndiponso iye mwini sakanakonda kumva dzina lake pa wailesi.

Ambiri a inu mumawakumbukira alendo aja a njinga amene anali kudutsa pano mwezi wa Epulo, ovala zipewa zolimba ndi makabudula othina, ana akuwathamangira. Ulendo wawo umatchedwa Tour d'Afrique. Unayamba mu 2003, kuchokera ku Cairo m'dziko la Egypt mpaka ku Cape Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 12,000, ndipo unali kutenga miyezi inayi. Anali kulowa m'Zambia pa Mwami kuchokera ku Malawi, n'kudutsa Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba, kutsikira ku Luangwa mpaka ku Lusaka. Ena anali kungoyenda, koma ena anali pa mpikisano, nthawi yawo ikulembedwa tsiku ndi tsiku.

Masiku amenewo ine ndinali mnyamata wonyamula nthochi ndi makala pa njinga. Nditawaona, mtima unandiuza kuti: ngati ndimakwera chitunda ndi matumba atatu a makala, anthu awa opanda katundu angandipose bwanji? Ndinasunga ndalama mpaka ndinagula njinga ya magiya, ya matayala onenepa, yoti inagwirapo kale ntchito kwina. Ndinayamba kutchova m'mamawa uliwonse ntchito isanayambe. Chaka china, titatha kukolola, anzathu ena anakonza mpikisano wathuwathu, wochokera ku Petauke kukathera pa mlatho wa Luangwa, makilomita oposa 150, mbali zina kudzera m'misewu yafumbi ya m'midzi. Wopambana anali woti alandira njinga yatsopano. Ine ndinalembetsa, ndipo ndinauza aliyense kumudzi kuti njingayo ndi yanga kale.

Tinanyamuka kusanache bwino. Ndiulule pano chimene kwa zaka zambiri sindinkafuna kunena. Titangopitirira mphambano ya ku Minga, ndinaona mnyamata wina ataima m'mbali mwa njira, tayala lake litaphwa. Anakweza dzanja. Ndinamuona bwinobwino, koma ndinaweramitsa mutu ngati ndikuyang'ana mapedulo, n'kupitirira. Mumtima ndinati: wachepa mmodzi.

Amene munayendapo msewu wa kupitirira Kacholola mukudziwa mmene ulili: zitunda, makona, ndi mitsetse yaitali yotsikira ku chigwa cha Luangwa, midzi ili patalipatali. Kumeneko n'kumene zanga zinandipeza. Ndikulimbana ndi chitunda china, tcheni chinaduka. Phazi linapulumuka, ndinagwera m'miyala, bondo linang'ambika, ndipo tayala lakutsogolo linabooledwa. Ndinalibe pampu, ndinalibe chigamba, ndinalibe sipanala. Zonsezo ndinazisiya kunyumba dala kuti njinga ipepuke.

Anzanga anayamba kundidutsa mmodzimmodzi. Wina anali woimba naye kwaya imodzi. Anandiyang'ana, n'kuweramitsa mutu. Sindinathe kumukwiyira, chifukwa kuweramitsa mutu kumeneko ndinakudziwa.

Kenaka ndinamva mabuleki akulira. Anali bambo wina wamkulu kwa ine, wochokera cha ku Katete, amene ndinangomuona m'mawa womwewo poyambira. Anali wamphamvu, ndipo pa zitunda zimenezo anali kudutsa achinyamata mmodzi ndi mmodzi. Aliyense anali kunena kuti akapitiriza chomwecho njinga ija itengedwa ndi iye. Anatsika, nagoneka njinga yake pa udzu.

Anati, “Mphwanga, wapweteka pati?”

Ine ndinati, “Akulu, pitani. Mutaya mpikisano chifukwa cha ine.”

Iye anati, “Luangwa sathawa. Tambasula mwendo tione.”

Anatsanulira pa bala langa madzi ake akumwa, ngakhale kuti dzuwa linali litakwera ndipo kutsogolo kunalibe chitsime chapafupi. Anang'amba kansalu n'kumanga bondo. Anatenga msomali ndi mwala, nachotsa mfundo yoduka ya tcheni, nalumikiza zotsalazo. Anamata chubu, napopa ndi pampu iyi. Nditakwera, sanandisiye. Anatchova pambali panga mtunda wonse wotsala, ndipo pa zitunda anali kuika dzanja lake pamsana panga kundikankha. Tinafika pa mlatho uja wa mu 1968 dzuwa litapendeka, mphoto itaperekedwa kale, anthu akumangirira njinga pa lole yobwerera. Amayi ogulitsa nsomba zouma anatiseka kuti, “Awa ndiye anagona m'njira!” Iye anaseka nawo, nagula nsomba imodzi, tinagawana.

Posiyana ndinafuna kumubwezera pampu. Anakana. Anati, “Ndili nayo ina kunyumba. Iwe usadzayendenso wopanda pampu. Ndipo si ya tayala lako lokha ayi.” Mawu omalizawo anandilasa, chifukwa ndinakumbukira mnyamata wa ku Minga uja. Sindidziwa ngati anaona zimene ndinachita. Sanandifunsepo mpaka imfa yake.

Pa Luka 10, ndime 25 mpaka 37, Ambuye Yesu anasimba za munthu amene anavulazidwa ndi achifwamba pa msewu wochoka ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko, msewu wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka ndi wopanda anthu ngati wathu wa ku Luangwa. Wansembe anamuona, Mlevi anamuona, onse anapitirira. Amene anaima ndi Msamariya, munthu wa mtundu umene Ayuda sanali kudyera nawo pamodzi. Nkhaniyi ndinaimva kuyambira ndili mwana, ndipo nthawi zonse ndinali kudziika pa malo a Msamariya. Tsiku lija ndinakhala wansembe m'mawa, wovulala masana. Msamariya anali wina, ndipo sanali wa mpingo wanga.

Kuyambira pamenepo tinakhala pa ubwenzi zaka zambiri. Akabwera ku Nyimba anali kugona kwathu, ana anga akumutcha atate aakulu. Ndikapita kwawo ndinali kumupeza pansi pa mtengo wa mango, manja ali bii ndi girizi, njinga zitamuzungulira. Ndiyo inali ntchito yake. Koma ndinaona kuti si onse amene anali kulipira. Mwana wa sukulu wa kutali, mayi wamasiye wopita ku chigayo, wodzipereka woyendera odwala m'midzi: amenewa anali kuwakonzera n'kuwauza kuti adzalipira tsiku lina, ndipo tsikulo silinali kufika. Usiku munthu akadwala m'mudzimo, khomo loyamba kugogodedwa linali lake, chifukwa onse anadziwa kuti njinga yake ili ndi mpweya ndipo mwini wake sadzafunsa kuti ndi nthawi yanji.

Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ndi nzeru yabwino. Koma mnzangayu anapitirira pamenepo. Anali kuzimira ngakhale anthu amene sakanatha kudzazima zake. Ine anandithandiza ndili mlendo, ndiponso ndili mdani wake pa mpikisano.

Tsopano ndifike pamene pamandiwawa. Mvula itayamba, mkazi wake anandiimbira foni kuti, “Alamu, akulu anu sakupeza bwino, akukufunsani.” Ine ndinati ndibwera ndikatha kubzala. Nditabzala ndinati ndibwera ndikatha kupalira. Foni yachitatu sinali yondiitana kudzaona wodwala. Munthu amene anataya mphoto chifukwa cha ine, ine ndinalephera kutaya masiku awiri a kumunda chifukwa cha iye. Ndipo pa zaka zonsezo, ngakhale tinaseka limodzi kambirimbiri za tsiku lija, sindinamukhazikepo pansi n'kumuuza kuti: akulu, munandisintha moyo, zikomo.

Pa maliro, chimene ndinayamba kuona si anthu, koma njinga. Zinatsamira mitengo, zinatsamira nkhokwe, zina zinagona pa udzu, zambiri zosawerengeka. Usiku tili pa moto ife amuna, palibe amene anakonza zoti tilankhule, koma nkhani zinayamba zokha. Wina anati masipoko a wilo lake anamangidwa ndi malemu, ulere. Wina anati mwana wake woyamba anabadwira ku chipatala osati panjira chifukwa malemu anatchova usiku, mvula ikugwa. Mphunzitsi wina anati ali mwana akanasiya sukulu, koma malemu anamulumikizira njinga kuchokera ku zidutswa zotayidwa. Ndinakhala chete, pampu ili m'chikwama changa, ndipo ndinazindikira kuti ndili m'chipinda chija cha ku Yopa. Aliyense anali kukweza chovala chake.

Wina anganene kuti: koma nkhani ya Tabita inatha bwino. Petro anatulutsa anthu, anagwada, anapemphera, ndipo mayi uja anatsegula maso. Zoonadi. Kwa ife Petro sanabwere. Tinanyamula bokosi, tinakwirira, tinabwerera. Sindikunamizani kuti chikhulupiriro chinachotsa ululu umenewo, kapena manyazi anga. Koma kumbukirani kuti Tabita yemweyo tsiku lina anadzamwaliranso. Kuuka kwake kunali chizindikiro chabe cha kuuka kwakukulu kumene Khristu anatilonjeza, iye amene anatipeza titagwa m'njira, naima, nalipira ndi moyo wake. Pa iyeyo ndi pamene ndatula kuchedwa kwanga. Ndikhulupirira kuti wandikhululukira, ndipo ndikhulupirira kuti zikomo amene sindinanene pano ndidzamunena kumeneko.

Pakali pano ndatsala ndi pampu. Ndikanatha kuipachika pa khoma ngati chithunzi, koma mwini wake anati si ya tayala langa lokha. Choncho imayenda nane. Sindinafike pa msinkhu wake, ndipo masiku ena ndimafunabe kuweramitsa mutu. Koma dzanja likakwezedwa m'mbali mwa msewu, ndimamva mabuleki aja akulira, ndipo ndimaima.

Okondedwa, ndikusiyireni ziwiri. Choyamba: alipo munthu amene anaimapo chifukwa cha inu. Mwina anakulipirirani mayeso, mwina anakusungani pamene abale anakukanani, mwina anagona nanu m'chipatala. Ngati ali moyo, musadikire kupalira. Pitani sabata ino, kapena imbani foni lero, mumuuze ndi pakamwa panu. Ngati anatisiya, pitani kwa mkazi wake kapena kwa ana ake, muwauze zimene anakuchitirani. Mwina sakuzidziwa.

Chachiwiri: tonse tili pa mpikisano wina wake, wa malonda, wa ulimi, wa maphunziro, ndipo kuima kumadya nthawi ndi ndalama. Lero lomwe mudzaona dzanja litakwezedwa. Likhoza kukhala la mwana wamasiye wa pafupi nanu, la nkhalamba yosowa wotunga madzi, kapena la wa njinga ya makala amene inu a motoka mukumupanikiza pa Great East Road. Mukadzamva khosi likufuna kuwerama, dziwani kuti nthawi yoima ndi yomweyo.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wachifundo, tikuthokozani chifukwa cha anthu amene munawatuma kudzaima pamene ife tinagwa. Tikhululukireni pamene tinaona n'kupitirira, ndi pamene tinachedwa kunena zikomo. Tonthozani amasiye ndi ana amene akulira lero. Sungani onse oyenda pa msewu wathu, a njinga, a mabasi ndi a pansi. Tipatseni mtima wolola kufika mochedwa chifukwa cha mnzathu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Mulungu akudalitseni, ndipo muyende bwino tsiku la lero.