Tinchenche ndi Mphezi za m'Maso

Mau okambidwa kwa aziphunzitsi a dera la Kaumbwe

Anthu ambiri a kumudzi sapita ku cipatala pokhapokha atamva kupweteka. Koma ilipo nthenda ina ya maso imene imadza mwakacetecete, yosapweteka konse, ndipo mphunzitsi ayenera kuidziwa, pakuti ndiye amene makolo amayamba kumfunsa.

M'kati mwa diso muli madzi olimba, onga coyera ca dzira laliwisi. Kumbuyo kwace kuli kansalu kopyapyala kochedwa retina, kamene kamalandira kuwala. Munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 50, madzi aja amasungunuka pang'onopang'ono, ndipo timibulu totsalira timacita mthunzi pa kansaluko. Tsono mwini diso poyang'ana kumwamba, kapena pa khoma lopaka laimu, amaona tinthu tonga tinchenche kapena ulusi wa kangaude. Akafuna kutiyang'anitsitsa, timathawa. Ngati takhalapo zaka zambiri osaculuka, palibe coopsa.

Coopsa ndi ici: madziwo pofota amakoka kansalu kaja, ndipo munthu amaona kung'anima m'mbali mwa diso ngati mphezi, ngakhale kunja kulibe mtambo. Nthawi zina kansaluko kamang'ambika, madzi nalowa kuseri kwace, nakamatula monga mvula imatula dothi lomata pa nkhokwe. Pamenepo mthunzi umayamba mbali imodzi, numka nukula kufikira diso lonse litada.

Cotero munthu amene waona tinchenche tambiri tatsopano mwadzidzidzi, kapena mphezi zobwerezabwereza, kapena mthunzi wocinga mbali ina, anyamuke tsiku lomwelo. Asadikire kuti ayambe wakolola cimanga, kapena, akakhala mphunzitsi, kuti sukulu itsekere. Ayambire ku cipatala ca pafupi, kaya ku Petauke, ku Minga kapena ku Nyimba, nanene msanga kuti zayamba mwadzidzidzi, kuti amtumize kwa dotolo wa maso, monga ku Mwami kufupi ndi Chipata, kapena ku Lusaka. Ulendo wace ngwautali ndi wodya ndalama, inde. Koma kung'ambika kokha amakumata ndi kuwala kwa laser pa kanthawi kocepa, pamene kansalu komatuka kafuna opaleshoni yaikulu, ndipo kakacedwa maso sabwerera mwakale. Kale nthendayi inalibe mankhwala, kufikira dotolo Jules Gonin wa ku Lausanne anaonetsa, m'zaka za m'ma 1920, kuti kutseka pong'ambika ndiko kuciza.

Ena ayenera kucenjera koposa: ovala mandala cifukwa saona patali, amene anacotsedwa ng'ala, ndi odwala shuga, amene magazi akhoza kukha m'kati mwa diso. Ana asukulu nawonso sali kutali. Mnyamata wolasidwa ndi mwala wa legeni angaoneke ngati wacira, koma akadandaula za mphezi patapita milungu, mphunzitsi asamuyese waulesi wothawa masamu.

Kunena za madzi a masamba amene ena amafinyira m'maso, iwo safika kumene kuli nthendayi. Amangotentha kunja kwa diso ndi kutayitsa masiku.

Ku cipatala adzamthira mankhwala okulitsa mwana wa diso kuti aone bwino m'kati. Maso amacita cimbuuzi maora angapo pambuyo pace. Cifukwa cace wodwalayo apite ndi womperekeza, ndipo asapalase yekha njinga pobwerera.