Tisamuyeze Munthu ndi Maso



Lero pa Eid ena tavala mikanjo yatsopano, ena yazigamba. Tisathamangire kunena kuti uyu ndiye munthu, uyo ngwachabe.

Kumbukirani Surat Abasa, sura ya 80. Mtumiki (S.A.W.) ali mkati molankhula ndi akuluakulu a Makka, padafika munthu wakhungu, Abdullah ibn Umm Maktum, kudzapempha kuti aphunzitsidwe. Mtumiki adakwinya nkhope, ndipo Allah adavumbulutsa sura imeneyi pomukumbutsa. Wakhungu yemweyo adadzakhala woitanira Swala ku Madina, ndipo Mtumiki akachoka pa ulendo ankamusiyira kutsogolera anthu popemphera.

Nanga ife ndife yani? Mmphawi akafika pakhomo panu lero, muyalireni mkeka womwewo mukadawayalira a Shehe.

Eid Mubarak.